Uthenga wa zaumoyo: Maganizo akakula musakhale chete

Abale ndi alongo a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku, Epworth ndi madera ena a Harare, pali mphekesera imene ikuyenda m'magulu a WhatsApp ndi m'masiwa, yoti munthu ukakanena kukiliniki kuti maganizo akukusowetsa tulo, amakutengera ku Annex, gawo la odwala maganizo pachipatala cha Parirenyatwa, n'kukulemba kuti ndiwe wamisala. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi loopsa chifukwa likuchititsa anthu kubisa vuto mpaka litafika posauzana. Abambo ambiri akuphatikizapo mawu aja oti mwamuna salira. Mawu amenewa ndi amene akutidetsa nkhawa kwambiri ife a zaumoyo.

Taganizirani za akatswiri oyenda mumlengalenga. Amasankhidwa pakati pa anthu masauzande, ena ndi asilikali, ena madokotala, onse olimba thupi ndi mtima. Amakhala miyezi pafupifupi 6 mu siteshoni ya mumlengalenga yotchedwa International Space Station, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano. Siteshoniyi imazungulira dziko pa mphindi 90 zokha, moti dzuwa limawatulukira ka 16 pa tsiku ndipo tulo timasokonekera. Malo ndi opanikizika, nkhope ndi zomwezomwezo, ndipo ukayambana ndi mnzako palibe kotulukira kuti ukapitidwe mphepo. Ulendo umathanso kutalika mosayembekezera. Frank Rubio anapita mu 2022 kuti akakhale miyezi 6, koma chombo chawo chitawonongeka anakhala masiku 371. Mu December 2007, mayi ake a Daniel Tani anamwalira pangozi iye ali mumlengalenga, ndipo sanathe kufika pamaliro. Ambiri a ife ululu umenewo tikuudziwa: uthenga wafika pafoni kuti mayi atisiya kumudzi, ndalama ya basi yodutsa pa malire a Nyamapanda palibe, mwambo wonse n'kuumvera pafoni.

Nanga anthu olimba chonchi amatani? Bungwe la ku America loona za mumlengalenga la NASA linakonza kuti milungu iwiri iliyonse aliyense azilankhula payekha ndi dokotala wa maganizo, kaya akumva bwino kaya ayi. Sadikira kuti munthu ayambe wasokonezeka. Amakhalanso ndi nthawi yocheza ndi banja pa vidiyo, amachita masewera olimbitsa thupi maola pafupifupi awiri pa tsiku, ali ndi nthawi yoikika yogona, ndipo ena amalemba m'buku zimene zili mumtima mwawo. Mu 2010, anthu 33 atatsekeredwa mumgodi ku Chile kwa masiku 69, akatswiri a NASA anapita kukapereka malangizo, ndipo pagululo panali katswiri wa maganizo. Ngati anthu ngati amenewa amalankhula za nkhawa zawo mwadongosolo, inu achimwene amene mumalondera geti usiku wonse muli nokha, mukuchita manyazi ndi chiyani?

Zoyambitsa matenda a maganizo n'zodziwika: imfa ya wachibale, ngongole, kutha kwa ntchito, mikangano ya m'banja, matenda okhalitsa, kusowa zitupa, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo monga mutoriro, ndipo ena zimayenda m'magazi. Kusungulumwa ndi kusagona kumakulitsa zonsezi. N'chifukwa chake tikudera nkhawa alonda, amayi ogwira ntchito za m'nyumba amene amakhala m'kachipinda ka kuseri mwezi wathunthu osaona wachibale, ndi madalaivala a mathiraki amene amagona m'galimoto masiku ambiri pa malire a Beitbridge kapena a Chirundu.

Koma chimene chikupweteka anthu kwambiri ndi kuchedwa. Banja limaona kuti bambo asiya kudya ndipo akungokhala m'nyumba chitseko chili chotseka, koma limati ndi zodutsa. Kenako limati alodzedwa, n'kutha miyezi ndi ndalama likuyendayenda. Kupemphera sitikuletsa, pitirizani, koma tsiku lomwelo mupitenso naye kukiliniki. Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma matenda awa amalanda munthu mphamvu yoti adzuke n'kutsekula. Ndiye inu atsibweni, azakhali, ankhoswe, gogodani ndinu. Khalani naye pansi, mumufunse, ndipo mumvetsere popanda kumudzudzula kapena kumuuza kuti alimbe mtima ngati mwamuna.

Ngati kwa milungu iwiri munthu sakugona, kapena akungogona, chakudya sichikulowa, zimene ankakonda sakuzifunanso, akupsa mtima pa zazing'ono kapena mowa wawonjezeka, nthawi yopita kukiliniki yakwana. Koma akayamba kunena kuti bola kufa, kuti iye ndi mtolo kwa ena, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika anthu, musadikire kuti kuche. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizo amenewo, ndipo ambiri amapepukidwa mumtima wina akawafunsa. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a m'munda ndi mapiritsi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo amuna ndiwo ambiri.

Thandizo lilipo konkuno. Friendship Bench inayambira ku Mbare mu 2006, ndipo anaiyambitsa ndi dokotala wa maganizo, Dr Dixon Chibanda. Pamakiliniki ambiri a mumzinda muno pali benchi pamene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala nanu, kumva vuto lanu mwachinsinsi ndi kukuthandizani kupeza poyambira, popanda kulipira. Palibe amene amakutsekerani chifukwa chokhala pabenchi. Anthu ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo amene akufunika mankhwala amawatumiza kwa namwino kapena dokotala. Kugonekedwa ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital n'kwa amene adwalika kwambiri kapena moyo wawo uli pachiswe, ndipo nakonso ndi kuchipatala kumene munthu amachira n'kutuluka.

Ngati Chishona chimakuvutani pofotokoza za mumtima, tengani wachibale amene mumamukhulupirira. Ngati wina wamwa kale mankhwala oopsa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo.