Alembi ambiri, kaundula mmodzi: nkhani ya Barrelfish

Cha m'ma 2005 makampani ngati Intel ndi AMD analeka kulimbana ndi kuthamangitsa purosesa imodzi (kachipangizo kowerengera zonse m'kompyuta), chifukwa inkatentha mopitirira muyezo. M'malo mwake anayamba kuika ma core (timapurosesa) angapo pa chip imodzi, iliyonse yotha kuwerengera payokha. Mutu unawawa kwa ife olemba operating system, pulogalamu yaikulu ija yomwe imagawa ntchito ndi memory m'makina, monga Linux kapena Windows.

Taganizani ofesi ya alembi awiri ndi kaundula mmodzi. Wina akamalemba, mnzake amadikira, ndipo palibe chovuta. Alembiwo akafika 48, tsiku limathera pa kupatsirana bukulo. Ndi mmenenso zilili mkati mwa chip: kernel imodzi, womwe ndi mtima wa operating system, imasunga zonse pamalo amodzi, core ikafuna kusinthapo kanthu imatseka ndi lock, zinazo zili chilili. Ndinatayapo sabata yathunthu kufufuza chifukwa chake pulogalamu ina inkachedwa titaiwonjezera ma core, kumapeto n'kupeza kuti onse ankalimbirana kachidutswa kamodzi ka memory.

Yankho losangalatsa linachokera ku mgwirizano wa yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland ndi Microsoft Research ya ku Cambridge, ku England. Gululi, momwe munali Timothy Roscoe, Andrew Baumann, Paul Barham ndi Rebecca Isaacs, linapanga operating system yotchedwa Barrelfish, n'kufotokoza ganizo lake, multikernel, pa msonkhano wa akatswiri a operating system wotchedwa SOSP mu 2009. Ganizolo ndi ili: mlembi aliyense akhale ndi kaundula wake. Core iliyonse ikhale ndi kernel yakeyake, ndipo pakasintha kanthu zizitumizirana uthenga ngati makompyuta a pa netiweki.

Poyamba zimamveka ngati kuchulutsa ntchito. Koma kugawana memory nako si kwaulere, popeza pansi pake chip imakhala ikutumiza kale timauthenga tobisika kuti ma cache onse (timemory tating'ono tachangu ta core iliyonse) agwirizane. Barrelfish inangobweretsa mauthengawo poyera, pomwe wolemba pulogalamu angawaone ndi kuwachepetsa.

Phindu lina ndi lakuti ma core sayenera kufanana. Barrelfish inayenda pa chip yoyeserera ya Intel yotchedwa SCC, ya ma core 48 omwe ma cache ake sagwirizana okha, komanso pa PandaBoard, kabolodi ka purosesa ya ARM, ka mtundu wa timakina tobisika m'mafoni ndi m'zipangizo zina. Kuti yunivesite yokha iyese zonsezi popanda makina ndi luso la makampani, sindikhulupirira.

Simupeza laputopu ya Barrelfish m'sitolo, ndipo sanaipangire zimenezo. Code yake inatulutsidwa pa laisensi ya MIT, yolola aliyense kuigwiritsa ntchito mwaulere, kotero wophunzira aliyense wokhala ndi intaneti atha kuitsitsa n'kuwerenga yekha mmene ma core amatumizirana uthenga.