Poti yomvetsera ikakhala zii, musathamangire kugula khadi

Sabata ino ndalandiranso foni ija ndatopa nayo. "Achimwene, khadi lachiwiri la netiweki la pa seva lafa, silikuonetsa kalikonse, tigule lina?" Musagule. Pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchito ya manetiweki, khadi lakufadi ndalipeza mwa apo ndi apo. Nthawi zambiri limakhala labwinobwino, kungoti palibe chikulifika, kapena chikufika koma mwalitseka makutu nokha.

Ndikunena za khadi lija ntchito yake ndi kumvetsera basi. Swichi, bokosi lija limalumikiza makompyuta pa netiweki, imakopera mapaketi (tizidutswa ta deta) odutsa pa poti ina (pobayikira waya), tinene yopita ku rauta, n'kuwathira pa poti yomwe khadili lalumikizidwa. A Cisco amati SPAN, ena amangoti port mirroring. Kuseri kwake kumakhala pulogalamu ngati Suricata, Zeek kapena Snort, n'kumaunika ngati mwalowa mbala. Khadi lotere silifuna IP address. Ndibwereze, silifuna. Koma mnyamata uja amadziwa "zonse za makompyuta" akafika, choyamba ndi kulipatsa adiresi kuti aone ngati liyankha ping, kauthenga koyesera ngati chipangizo chili moyo. Likapanda kuyankha, amati lapsa. Liyankha bwanji pomwe poti ya SPAN pa maswichi ambiri salola kuti seva itumize kanthu? Ndaonapo seva itafufutidwa yonse, Linux n'kuikidwanso, malogi (zolemba za zomwe zidachitika pa netiweki) a miyezi yambiri n'kupita, chifukwa cha ping imeneyi.

Yambani ndi kulemba ip link show pa seva, lamulo loonetsa ngati khadi lili lodzuka. Mukaona DOWN, nkhani ndi yomweyo: khadi lopanda adiresi kawirikawiri silidzuka lokha seva ikayakanso, pokhapokha mutalemba mu Netplan kapena NetworkManager, mapulogalamu oyendetsa za netiweki mu Linux, kuti lizidzuka. Yang'ananinso dzina. Mudalemba dzina la khadi kuti eth1 mu suricata.yaml, fayilo ya makonzedwe a Suricata, kalekale, pomwe Linux ya masiku ano ikulitcha enp3s0 kapena ens192, ndiye pulogalamu ikumvetsera pakhomo lomwe kulibe. Ngati seva ndi ya mu VMware, pulogalamu yoyendetsa maseva angapo mkati mwa kompyuta imodzi, dziwani kuti swichi yake yam'kati imabwera promiscuous mode, chilolezo choti khadi lizilandira mapaketi a aliyense, ili pa Reject. Mungalamule khadi kuti lilandire za aliyense, koma VMware sizilifikitsa mpaka mutasintha kuika Accept.

Kenako tcpdump -n -i ndi dzina la khadi, kuti muone mapaketi omwe akufika pa khadilo. Musangoona mizere ikuthamanga n'kumwetulira, iwerengeni. Ngati zonse ndi ARP (mapaketi ofunsa mwini wa adiresi) ndi mapaketi ena ofalitsidwa kwa aliyense, swichi sikukukoperani kanthu, mwangokhala pa poti wamba. Apa ndi pomwe pali nkhani imandisowetsabe tulo.

Kunali ku ofesi ina, sinditchula. Tidaika zonse bwinobwino, tidayesa, zidagwira. Patapita nthawi magetsi adazima usiku, jenereta idachedwa, mabatire adatha. M'mawa zonse zidayaka, intaneti ili bwino, aliyense pa ntchito yake. Chomwe palibe adadziwa n'chakuti yemwe adalemba monitor session, lamulo loyatsa SPAN pa swichi, sadasunge. Pa Cisco, zomwe mwalemba zimakhala mu running-config, ndipo mukapanda kulemba write memory zimapita ndi magetsi. Yemwe sadasungeyo ndinali ine.

Seva idapitiriza kuyenda. Suricata inali yoyaka, nyali ya pa khadi ikuphethira chifukwa cha ma ARP aja, chenjezo ayi ndithu. Bwana wa kumeneko adafika pondiyamikira kuti chibwerere ine netiweki yakhala ya mtendere. Mtendere wanji? Mlonda adali atakhala pageti, yunifomu ali nayo, koma ali wogontha. Tidadzazindikira patatha milungu 7, kompyuta ina ya ku akaunti itayamba kutumiza maimelo achinyengo kwa makasitomala. Atandifunsa kuti kachilomboko kadalowa liti, kadalowera kuti, nanga kadatulutsa chiyani, ndidalibe yankho, ndipo mpaka lero ndilibe. Mapaketi omwe sadakoperedwe sabwerera. Chomwe chimandiwawa n'chakuti munthu wina pa ofesipo adaona kuti malogi achepa kukula sabata yoyamba yomweyo, koma adati adikire ndidzabwere mwezi ukatha.

Musadikire. Malogi akachepa mwadzidzidzi, lomwelo ndi vuto. Chichokereni pamenepo, magetsi akangozima ndimalemba show monitor session all pa swichi, kenako ndimatsegula webusaiti pa kompyuta ina n'kuona ngati ulendowo waoneka pa tcpdump. Sizitenga mphindi zisanu.

Vuto lina ndi lobisika kuposa pamenepa, chifukwa mapaketi amabwera ndithu koma operewera. Poti ya liwiro la 1 Gbps imatumiza ndi kulandira nthawi imodzi, ndiye mukakopera mbali zonse ziwiri zikhoza kufika 2 Gbps, pomwe poti yomvetsera imangonyamula 1 Gbps. Ndowa ziwiri simungazithire mu ndowa imodzi. Zotayikazo zimatayikira pa swichi, seva sidziwa n'komwe, choncho kaoneni output drops, nambala ya mapaketi otayika, pa poti ya swichiyo. Kumbali ya seva, ethtool -S imaonetsa ngati khadi likulephera kumeza. Manambala a rx_missed kapena rx_dropped akamakwera, kulitsani ring buffer, malo omwe mapaketi amadikirira pa khadi, ndi ethtool -G. Zimitsaninso GRO ndi LRO, chifukwa zimamata mapaketi ang'onoang'ono kukhala limodzi lalikulu lomwe pa waya silidadutsepo, ndipo pulogalamu younika imaona chithunzi chabodza. Netiweki ikakhala yodzaza kwambiri, gulani TAP, kachipangizo kokopera mapaketi pa waya penipeni, kapena poti ya 10 Gbps. Kumeneko ndiye ndalama yanu ipite, osati ku khadi lina lofanana ndi lomwe muli nalo.

Kamodzi ndidataya theka la tsiku chifukwa cha VLAN, njira yogawira netiweki imodzi m'zigawo. Ndimalemba host ndi adiresi mu tcpdump ngati sefa, osaona kanthu, pomwe mapaketi anali momwemo atavala chizindikiro cha VLAN chotchedwa 802.1Q. Nditalemba vlan and host, onse adatulukira. Choncho musanaweruze kuti khadi lili chete, chotsani kaye sefa iliyonse muone zonse zili mbee. Ndipo wina akabwera ndi fulashi m'manja kuti afufute seva ayambirenso, mufunseni kaye kuti pa swichi waonapo chiyani. Akati sadayang'aneko, musamupatse pasiwedi.