Kambulu ka pamalo a katemera kakachedwa kuphwa

Tsiku la sikelo silitha popanda mayi wina kuvundukula mwana n'kundilozera pantchafu: "Adokotala, mwezi watha koma kambulu aka sikakuchoka." Ndimayamba ndakhudza kaye, chifukwa dzanja limandiuza zambiri kuposa maso.

Katemera wa Penta, woteteza ku matenda asanu, amene ana amabayidwa pantchafu ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ali ndi kamchere ka aluminiyamu kothandiza kuti chitetezo cha m'thupi chidzuke msanga. Mwa ana ena kamchereka kamasiya kambulu kolimba ngati njere ya nandolo pansi pa khungu. Sikatentha, sikakula, ndipo mwana amayamwa ndi kusewera bwinobwino. Kotereka kamaphwa kokha, ngakhale nthawi zina kamatenga miyezi.

Wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, ali ndi khalidwe lakelake. Amabayidwa pamkono mwana akangobadwa. Pakapita masabata angapo pamatuluka katuza, kamaphulika, kamachucha timafinya, kenako kamauma n'kusiya chipsera chimene ambirife tili nacho. Umo ndi mmene katemerayu amagwirira ntchito. Ana ena amatupanso mwanabere kukhwapa la mbali yomweyo. Mwanabere akakula kwambiri, akafewa, kapena ngati mayi ali ndi kachilombo ka HIV, tiyenera kumuona mwanayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chithupsa. Pamafiira, pamatentha, pamakula tsiku ndi tsiku, mwana amalira mukangomugwira mwendo ndipo thupi limatentha. Apa ndiye kuti tizilombo talowa, ndipo mafinya ayenera kuchotsedwa kuchipatala ndi zida zoyera. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi dzuwa la Okutobala, thukuta ndi ntchentche sizichedwa kuipitsa kabala kakang'ono. Kutentha thupi kwa mwana wa kuchigwa kuno sitikutenganso mopepuka, timayeza malungo tsiku lomwelo.

Pena vuto si katemera n'komwe. Ndinaonapo chotupa pafupi ndi pobaya chimene chinali mphutsi ya ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zoyanikidwa pansi. Chimakhala ndi kabowo pakati.

Chimene ndimapempha agogo, poti nthawi zambiri ndi iwo amagamula pakhomo: musateme mphini pa kambuluko, musafinye, musapakepo phulusa kapena masamba. Zithupsa zina zimene timang'amba zinayamba ngati kambulu kosavuta kamene wina anakatema ndi lumo. Sambitsani ndi madzi oyera ndi sopo, n'kusiya pouma.

Kambulu kakapitirira miyezi iwiri kapena itatu kakukulabe, bwerani nako pamodzi ndi buku la sikelo, kuti tione katemera amene anabayidwa ndi tsiku lake. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu akhoza kuyamba waona. Katemera wotsatira mwana alandirebe pa tsiku lake. Tidzabaya pamalo ena.