Buleki ya disiki ikamakhula, yambani mwamvetsera musanagwire sipanala

Njinga ikayamba kulira kuti "shii, shii" inu musanagwire buleki, ambiri amathamangira kumasula kalipa, kachitsulo kaja kamene kamapana disiki. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo. Mpata wa pakati pa padi (kachidutswa ka m'kalipa kamene kamagwira disiki mukafinya buleki) ndi disiki sukwana n'theka lomwe la milimita mbali iliyonse, choncho wilo ikangopendeka pang'ono, zimayamba kukhulana.

Kolekani njinga ndi chingwe pamtanda wa khonde, muzungulitse wilo, mutchere khutu. Ngati ndi ya mabuleki a oyilo musaigadamitse, chifukwa mpweya umene uli m'kathanki ka pa handulo ungalowe m'paipi, buleki n'kufewa. Kulira kosalekeza kukusonyeza kuti wilo kapena kalipa yapendekera mbali imodzi. Kulira kodukiza, kamodzi wilo ikazungulira kamodzi, ndiye kuti disiki yapindika. Yalani pepala loyera pansi, musuzumire m'kalipa kuchokera pamwamba: mbali imene kuwala sikukudutsa ndi imene ikukhula.

Yambani ndi wilo, makamaka ngati munaichotsa posachedwa pomata chubu. Tsitsani njinga pansi, mumasule ekiselo, mukanikize handulo kuti ekiseloyo ikhale bwino m'mano a foloko, ndiyeno mumange. Kaliva kotsekera wilo kazilimba moti kasiye chidindo pachikhatho. Kenako gwirani tayala mulikankhire uku ndi uku. Mukamva kugogoda, kawirikawiri makoni, timanati ta pa ekiselo tolimbitsa habu (pakati pa wilo), amasuka, ndipo ngakhale mutakonza kalipa tsiku lonse, buleki izikhulabe pokhota. Makoniwa amafuna sipanala yopyapyala, kawirikawiri ya mamilimita 13 kutsogolo ndi 15 kumbuyo. Mangani mpaka kugogoda kuthe koma wilo izizungulirabe mwaufulu.

Wilo ikakhala bwino ndiye mupite ku kalipa. Masulani mabawuti ake awiri ndi alenikiyi ya mamilimita 5, pang'ono chabe, kuti izitha kusuntha. Finyani buleki mwamphamvu, musaisiye, mumange mabawutiwo mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Mukamanga imodzi mpaka kumapeto inzake isanagwire, kalipa imapotoka n'kubwerera pomwe inali. Kampani yopanga mabuleki ya Shimano imati mabawutiwa amangidwe pakati pa 6 ndi 8 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). Wopanda chida choyezera amange molimba ndi kiyi yaifupi, osawonjezera paipi. Buleki ikamakhulabe, pindani kakhadi kopyapyala, muveke pa disiki, mukalowetse pakati pa mapadi, mubwereze. Khadilo limasiya mpata wofanana mbali zonse.

Njira yofinyayi siigwira bwino pa mabuleki a waya, amene ndi ochuluka pa njinga za kaunjika. Pa ambiri mwa iwo padi yakunja yokha ndi imene imayenda. Yamkati, ya mbali ya masipoko, imangokhala, ndipo disiki imaweramira komweko mukafinya. Padi yamkatiyi ili ndi bawuti yakeyake imene mumaifikira podutsa m'masipoko. Iyandikizeni mpaka ikhudze disiki, muibweze pang'ono mpaka kulira kuthe, kenako mukonze yakunja ndi waya. Anthu ambiri amangokoka waya mapadi akamadyeka, n'kuiwala yamkatiyi, ndiye disiki imapindika kwambiri nthawi iliyonse akagwira buleki. Buleki ya waya ya mtundu wa Avid BB7 ndi yosavuta chifukwa padi iliyonse ili ndi kopotokola kake.

Pa mabuleki a oyilo, mdani wamkulu ndi fumbi. Limamatirira pa mapisitoni, tizida ta m'kalipa tokankha mapadi, ina n'kuuma osabwerera. Chotsani wilo ndi mapadi, mufinye buleki pang'ono kuti mapisitoni atulukeko mamilimita awiri okha (mukapitirira amafwamphuka, oyilo n'kutayika), muwapukute ndi thonje loviika mu sipiriti ya isopropyl, muwabwezere m'kati ndi kapulasitiki kochotsera tayala. Sikuludiraiva ingathe kuswa pisitoni. Vuto la mapisitoni osabwererali limabweranso wina akafinya buleki wilo itachotsedwa, monga mmene zimachitikira njinga ikakwezedwa pa basi. Ndipo musasakanize mafuta: mabuleki a makampani a Shimano ndi Tektro amafuna mafuta otchedwa mineral oil, pomwe ambiri a kampani ya SRAM amafuna mafuta ena otchedwa DOT. Mukathira olakwika, mphira zam'kati zimatupa, mapisitoni n'kukakamira.

Disiki yopindika imawongoleka ngati sinapindike kwambiri. Choyamba onani ngati mabawuti ake asanu ndi limodzi, a mutu wooneka ngati nyenyezi wa saizi ya T25, ali olimba. Zungulitsani wilo pang'onopang'ono, mulembe ndi choko pa tayala pamene pakukhula. Tengani sipanala yosinthika, muipukute isakhale ndi girizi, muipanitse pa disiki pamalopo, mukankhire kutali ndi padi imene ikukhudzidwa. Kankhani pang'ono, muzungulitse, muone, mubwereze. Chitsulochi n'chopyapyala, ndipo mukachipinda uku ndi uku kangapo chimafooka. Disiki ya Shimano kawirikawiri imabwera yokhuthala mamilimita 1.8, ndipo ikafika pa 1.5 yatha ntchito. Nambalayi imalembedwa pa disiki pomwepo. Mapadi nawo asinthidwe mnofu wake ukatsala milimita 0.5, apo ayi kawaya kowatalikitsa kamayamba kukhula disiki.

Kulira kwa "kwii" kumene kumamveka mukagwira buleki ndi nkhani ina: pafika oyilo, mwina wa tcheni kapena wa m'zala zanu. Pukutani disiki ndi sipiriti ija. Mapadi amene amwa oyilo sachira, ngakhale muwapale ndi sandipepa kapena kuwaotcha pamoto, ndipo ndi bwino kungogula ena. Atsopanowo akalowa, thamangitsani njinga pamalo osalala, mugwire buleki mwamphamvu mpaka itatsala pang'ono kuima, mubwereze kokwana 20, kuti padi ndi disiki zizolowerane.