GPA ikatsika pansi pa 2.0 ku koleji za ku America

Ku koleji zambiri za ku America kulibe mayeso a sapu. Imeneyi ndi mfundo imene imadzidzimutsa ophunzira ochokera kwathu, pamodzi ndi makolo ndi amalume amene akuwalipirira fizi. Amene tinadutsa m'makoleji a ku Malawi tinazolowera kuti ukalephera phunziro limodzi kapena awiri umaitanidwa kukalembanso, ndipo kuwididwa kumabwera zinthu zikafika poipa. Kuno giredi imene mphunzitsi walemba kumapeto kwa semesita ndi yomweyo. Imalowa m'kaundula, n'kuwerengedwa pamodzi ndi zinzake zonse mpaka tsiku lolandira digiri.

Chimene koleji imayang'ana ndi GPA, avereji ya magiredi onse. A amapereka mapointi 4, B 3, C 2, D 1, ndipo F sapereka kanthu. Phunziro lililonse lili ndi kulemera kwake kotchedwa ma credit, nthawi zambiri atatu. Digiri yoyamba imafuna ma credit 120, kutanthauza 15 pa semesita kwa zaka zinayi. Kuti akhale pabwino ndi koleji, wophunzira wa digiri yoyamba ayenera kusunga GPA yosachepera 2.0, yomwe ndi avereji ya C. Kwa amene akuchita masitazi kapena PhD, malire amakhala 3.0 m'mayunivesite ambiri.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka choyamba amene watenga maphunziro asanu, lililonse la ma credit atatu, n'kupeza B, C, C, D ndi F. Tikachulukitsa mapointi a giredi iliyonse ndi ma credit atatu, mapointi ake ndi 9, 6, 6, 3 ndi 0, onse pamodzi 24. Tikagawa ndi ma credit onse 15 tipeza 1.6. Mwanayu walephera phunziro limodzi lokha, ndipo akamaimba foni kumudzi sakhala akunama ponena kuti anayi wakhoza. Koma D, ngakhale ndi giredi yokhoza, imakokera avereji pansi, komanso madipatimenti ambiri safuna giredi yochepera C pa phunziro limene ena akutsogolo amadalira. Choncho semesita ikangotha amalandira uthenga woti ali pa probation.

Uthengawo umabwera pa imelo ya koleji, osati pa Gmail kapena WhatsApp, ndipo ambiri amauona mochedwa, atayesa kulembetsa maphunziro a semesita yotsatira n'kupeza kuti kompyuta yawatsekera mpaka akaonane ndi mlangizi. Makoleji ena anasiya dzina la probation n'kumalemba kuti academic notice kapena academic warning, poona kuti dzina lakale limamveka ngati la kukhoti. Malamulo ake sanasinthe. Wophunzira sanachotsedwe sukulu, akupitirizabe kuphunzira, koma wapatsidwa semesita imodzi kapena awiri kuti akweze GPA. Pa nthawiyi koleji ikhoza kumuchepetsera ma credit amene angatenge, kumulamula kuti azionana ndi mlangizi, kapena kumuletsa kusewera m'timu ya sukulu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa ntchito yanga yolangiza ophunzira ndimaiona kalata imeneyi ngati chifundo ikabwera m'chaka choyamba. Chifukwa chake chili m'masamu.

GPA yotsika ili ngati ngongole ya pagolosale: semesita iliyonse imene wapeza avereji yochepera C, bukhu limakwera, ndipo C sabweza kanthu, amangoletsa kuti ngongole isakule. Obweza ndi B ndi A okha. Mtsikana uja akufunika mapointi 60 pa ma credit 30 kuti afike pa 2.0. Ali nawo 24, ndiye semesita yachiwiri apeze 36, zomwe ma B awiri ndi ma C atatu amakwanitsa. N'zotheka ndithu. Tsopano tengani mnyamata amene wamaliza zaka ziwiri, ma credit 60, ali pa 1.6 yomweyo. Mapointi ake ndi 96. Kuti afike pa 2.0 m'semesita imodzi akufunika 150 pa ma credit 75, kutanthauza mapointi 54 m'maphunziro asanu, avereji ya 3.6. Munthu amene wakhala akupeza C ndi D sadzuka tsiku limodzi n'kuyamba kupeza ma A atatu ndi ma B awiri. N'chifukwa chake makoleji ambiri amakhwimitsa malire wophunzira akamakwera makalasi. Ku California State University, wophunzira amene ali kale pa probation akhoza kuchotsedwa GPA yake ikatsika pansi pa 1.50 m'chaka choyamba, 1.70 m'chachiwiri, 1.85 m'chachitatu ndi 1.95 m'chomaliza. Koleji iliyonse ili ndi manambala akeake, ndipo amalembedwa m'buku la malamulo lotchedwa catalog, limene lili pa webusaiti yake.

Njira yachidule yotulukira mu ngongoleyi, kumene ikuloledwa, ndi kubwereza phunziro limene unalephera. Makoleji ambiri amalola kuti giredi yatsopano ilowe m'malo mwa yakale powerengera GPA, ngakhale yakaleyo imaonekabe pa transcript, chikalata cha magiredi onse a wophunzira. Mtsikana uja akabwereza phunziro la F n'kupeza B, mapointi a maphunziro ake asanu aja amachoka pa 24 kufika pa 33, avereji ya 2.2, ndi phunziro limodzi lokha. Ophunzira ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi. Amathawa phunziro linawagwetsalo, n'kutenga ena asanu ndi limodzi atsopano pofuna kubweza nthawi yotayika, ndipo katundu akachuluka amagwanso. Ndikakhala ndi wophunzira pa desiki, tisanakambe za china chilichonse timatenga pepala n'kulemba masamu amenewa, iye mwini akuwerengera pa foni yake. Ambiri nkhope imamasuka akaona kuti chofunika ndi ma B awiri, osati chozizwitsa.

Mpaka pano takamba za ofesi imodzi yokha, ya zamaphunziro. Vuto lenileni ndi loti maofesi oweruza wophunzira alipo atatu, iliyonse ndi mlingo wake, ndipo chimene chingamupulumutse ku ofesi ina chikhoza kumugwetsa ku inzake.

Yachiwiri ndi ofesi ya thandizo la ndalama. Amene ali ndi green card kapena unzika wa America, monga ana a mabanja amene anabwera kudzera pa DV lottery, amatha kulandira Pell Grant, thandizo la boma losabweza, ndi ngongole za boma polemba fomu ya FAFSA. Ndalama zimenezi zili ndi lamulo lake la boma, Satisfactory Academic Progress, mwachidule SAP, limene linakhwimitsidwa kuyambira pa 1 July 2011. Lamuloli limayang'ana GPA, inde, koma limayang'ananso liwiro. Wophunzira saloledwa kuyesa ma credit opitirira 150 peresenti ya amene digiri yake imafuna: pa digiri ya 120, malire ndi 180. Pamenepa ndi pamene pamachokera 67 peresenti imene makoleji ambiri amalemba, popeza 120 pa 180 ndi magawo awiri mwa atatu. Pa maphunziro atatu alionse amene wayamba, awiri aziwamaliza n'kukhoza.

Apa ndi pamene W amapweteka anthu. Wophunzira akaona kuti phunziro lamukanika, amaloledwa kulisiya tsiku loikika lisanadutse, ndipo pa transcript pamalembedwa W m'malo mwa giredi. W sakhudza GPA, choncho kwa amene akuopa probation amaoneka ngati mpulumutsi, ndipo nthawi zina ine ndemwe ndimalangiza kutero. Koma ku ofesi ya ndalama W amawerengedwa ngati phunziro loyesedwa koma losamalizidwa, chimodzimodzi F. Ganizirani mayi wina amene amagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba, amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, masana n'kumapita m'kalasi. Semesita iliyonse amalembetsa maphunziro anayi, awiri n'kuwasiya pakati, awiri otsalawo n'kupeza B. GPA yake ndi 3.0, yokongola, ofesi ya zamaphunziro ilibe naye mlandu. Liwiro lake ndi 50 peresenti. Amalandira chenjezo la semesita imodzi, ndipo zikapanda kusintha Pell Grant imaima. Kubwereza phunziro nakonso kumawerengedwa kawiri pa ma credit 180 aja. Ndipo amene wasiya maphunziro onse 60 peresenti ya semesita isanadutse akhoza kupezeka ndi ngongole ku koleji, chifukwa gawo la ndalama za boma limabwezedwa.

Amene anabwera pa viza ya ophunzira ya F-1 salandira ndalama za boma zimenezi, koma asadzione ngati apulumuka. Sikolashipu ya koleji kapena ya bungwe ili ndi malire akeake, ndipo kawirikawiri amakhala okwera kuposa 2.0. Munthu akhoza kukhala pabwino ndi koleji pa 2.6, sikolashipu yofuna 3.0 itapita.

Ofesi yachitatu ndi ya ophunzira ochokera kunja, kumene kumakhala mkulu wotchedwa DSO, amene amalemba za wophunzira aliyense wa F-1 m'kaundula wa boma wa SEVIS. Lamulo la viza limafuna kuti wophunzira wa digiri yoyamba akhale ndi ma credit osachepera 12 pa semesita. Amene ali ndi 12 ndendende n'kusiya phunziro limodzi pofuna kuteteza GPA amatsala ndi 9, ndipo ngati sanayambe watenga chilolezo kwa DSO, waphwanya malamulo a viza tsiku lomwelo. Chilolezocho chilipo koma n'chopapatiza. Pa zovuta za maphunziro chimaperekedwa kamodzi kokha pa digiri yonse, pa zifukwa monga kuvutika ndi Chingerezi kapena kaphunzitsidwe ka ku America poyambirira, kapena kuikidwa m'kalasi losayenera, ndipo wophunzira atsale ndi ma credit osachepera 6. Pa matenda chimafuna kalata ya dokotala, ndipo sichipitirira miyezi 12 yonse pamodzi. Probation payokha siithetsa viza. Koma kuimitsidwa sukulu kumachititsa kuti mbiri ya wophunzira mu SEVIS itsekedwe ngati sanasamukire ku koleji ina nthawi ilipo, ndipo malamulo amanena mosabisa kuti kuchedwa chifukwa cha probation kapena kuimitsidwa si chifukwa chovomerezeka chowonjezerera nthawi pa fomu ya I-20, chikalata cha koleji chosonyeza tsiku limene wophunzira wa F-1 ayenera kumaliza maphunziro. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli n'louma mtima kwa mwana amene wangofika kumene, akulimbana ndi kuzizira, chakudya chachilendo ndi aphunzitsi olankhula mothamanga. Koma ndi mmene lilili, ndipo DSO alibe mphamvu yolipinda.

Makolo amene akuwerenga muli kumudzi, dziwani kuti koleji sikuuzani zonsezi. Lamulo la FERPA la mu 1974 limati munthu akangoyamba koleji, mbiri yake ya maphunziro ndi yake. Mungakhale kuti munagulitsa puloti kuti mulipire fizi, koma mukaimba foni ku ofesi kufunsa magiredi adzakuyankhani mwaulemu kuti funsani mwini wake, pokhapokha mwanayo atasaina fomu yokulolezani. Ana athu nawonso amabisa, poopa kukhumudwitsa banja lonse limene linawaperekeza pa bwalo la ndege. Funso loti "sukulu ikuyenda bwanji?" limangobweretsa yankho loti "bwinobwino". Funsani kuti GPA ya semesita ino ndi chiyani, ma credit amene walembetsa ndi angati, ndipo amene wamaliza ndi angati. Akakuuzani zoona, musayambe ndi kukalipa, chifukwa ulendo wina sadzakuuzaninso.

Zikafika poti wophunzira waimitsidwa kapena thandizo la ndalama laima, pamatsala apilo. Lamulo la SAP limatchula zifukwa zake: imfa ya wachibale, matenda kapena kuvulala kwa wophunzirayo, ndi zovuta zina zapadera. Kalatayo iyenera kuyankha mafunso awiri, chimene chinachitika ndi chimene chasintha. Makalata ambiri a ana athu amalephera pa funso lachiwiri. Amadzaza tsamba ndi kupepesa ndi kulonjeza kulimbikira, pomwe komiti ikufuna kumva kuti maola a ntchito achepetsedwa kuchoka pa 40 kufika pa 20, kuti phunziro la masamu libwerezedwa, kuti Lachiwiri lililonse munthu azikhala ndi womuthandiza ku laibulale. Apilo ya ku ofesi ya zamaphunziro ndi ya ku ofesi ya ndalama ndi zosiyana, masiku ake otsekera ndi osiyananso, ndipo kupambana ina sikutanthauza kuti inayo yatheka.

Nkhani ya maliro imafuna kusamala. Ku America mawu oti wachibale ambiri amawamva mopapatiza, ndipo munthu wa mu komiti sangadziwe kuti azakhali amene amwalirawo ndi amene anakulerani kuyambira muli wakhanda. Lembani zimenezo momveka, n'kuphatikiza umboni: satifiketi ya imfa, pulogalamu ya maliro, kalata ya kuchipatala kapena ya abusa, tikiti ya ndege ngati munapita. Maliro akagwa semesita ili kumapeto, lemberani aphunzitsi musananyamuke n'kupempha giredi ya Incomplete, imene imakupatsani nthawi yomaliza ntchito yotsala mukabwerako. Funsani tsiku lake lotsekera n'kulilemba pa kalendala, chifukwa m'makoleji ambiri Incomplete yosamalizidwa pa nthawi yake imasanduka F yokha.