Kalilole sanama, koma wojambula amasankha

Tsiku loyamba la phunziro la kujambula nkhope ndimapatsa wophunzira aliyense kalilole, pepala ndi pensulo, n'kuwauza kuti ajambule munthu amene akumuona mmenemo. Chaka ndi chaka zotsatira zake sizisintha. Wina amachepetsako mphuno, wina amakulitsa maso, wina amadzikalambitsa dala kuti aoneke woganiza zakuya. Mtsikana wina amene anali ndi chipsera pachibwano anajambula tsitsi lake mosamala, ndolo, ngakhale kolala ya bulauzi, koma pachibwano panangoti mbee. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, chimenecho si ine ayi, ndi njinga inandigwetsa." Mnyamata amene anakhala pambali pake anali ndi chipsera pamphumi, ndipo iye anachidetsa ndi pensulo mpaka chinaposa chenichenicho. Akuti popanda chimenecho anthu sangamuzindikire.

Palibe amene analakwitsa pa awiriwa. Chithunzi chodzijambula wekha si cha pachiphaso. Pamenepo munthu amakhala pansi ndi nkhope yake n'kumagwirizana nayo kuti ichi chitsale, ichi chichoke, ichi tichikuze. Akatswiri akhala akuchita zimenezi kwa zaka zoposa 500, ndipo mukadziwa poyang'ana mumaona munthu akudziumba pamaso panu.

Kaliloleyo naye ali ndi kachinyengo kake: kumanja amakuonetsa kumanzere. Vincent van Gogh anadzicheka khutu lamanzere mu Disembala 1888 mumzinda wa Arles ku France, koma pachithunzi chimene anadzijambula mwezi wotsatira, chomwe chili ku Courtauld Gallery ku London, bandeji ili pakhutu looneka ngati lamanja. Ndiye kuti nkhope imene inu mwaizolowera m'mawa uliwonse si imene anzanu amaiona. N'chifukwa chake ambirife tikadziona pafoto timadandaula kuti sitinatuluke bwino, pamene ena onse akuti ndi inuyo ndithu.

M'chaka cha 1500 Albrecht Dürer wa ku Nuremberg ku Germany, ali ndi zaka 28, anadzijambula atayang'ana kutsogolo, tsitsi lalitali litagwera m'mapewa mofanana uku ndi uku, atavala chikhoti cha ubweya m'khosi. Kwa ife lero palibe chachilendo. Koma masiku amenewo munthu wamba ankajambulidwa atapotolokera kumbali pang'ono, ndipo kuyang'ana kutsogolo choncho kunkadziwika ndi zithunzi za Yesu Khristu. Wojambula ankawerengedwa ngati mmisiri wamanja basi, mnzake wa kalipentala ndi wosula zitsulo. Dürer sanadikire kuti wina amukweze. Anadzipatsa yekha mpandowo, n'kulembanso m'Chilatini dzina lake ndi zaka zake pambali pa nkhope. Ena amati kunali kudzikuza, ena amati kunali kupembedza. Ine ndimaonapo mnyamata amene akuyesa chovala chachikulu kuti aone ngati chingamukwane.

Frida Kahlo wa ku Mexico sanayambe kudzijambula pofuna ulemu. Mu 1925, ali ndi zaka 18, basi imene anakwera inawombana ndi sitima ya mumsewu, msana ndi chiuno zinathyoka, ndipo anagona miyezi yambiri. Makolo ake anamupezera choikapo chinsalu chojambulira ali chigonere, n'kumangirira kalilole pamwamba pa bedi. Munthu yekhayo amene akanatha kumuona tsiku lonse anali iye mwini. Pa zithunzi zimene anasiya, pafupifupi 55 ndi za nkhope yake.

Chodabwitsa n'chakuti nkhopeyo sisintha kwenikweni. Nsidze zolumikizana zomwezo, milomo yotseka, maso osaphethira. Nkhani yonse ili pa zimene zazungulira nkhopeyo. Mu 1939, chaka chimene ukwati wake ndi Diego Rivera unatha, anajambula Las dos Fridas, akazi awiri okhala pabenchi limodzi atagwirana manja, onse ndi iye yemweyo. Mmodzi wavala diresi loyera la ku Ulaya, kumene kunachokera bambo ake obadwira ku Germany. Winayo wavala zovala za akazi a ku Tehuantepec, dera la ku Mexico, zimene Rivera ankazikonda. Mitima ya onse awiri ili pamtunda, mtsempha umodzi ukuilumikiza, ndipo wa diresi loyera uja wapana mtsempha wina ndi kachitsulo ka madokotala koma magazi akudonthera pamiyendo. Chaka chotsatira anadzijambula atakhala pampando, atavala suti yachimuna yomukulira, sizasi ili m'manja, tsitsi lake lili mbwee pansi ponse. Sanafunike kulemba kalata yofotokoza kuti mkazi amene ankakondedwa chifukwa cha tsitsi ndi madiresi aja wamuchotsa yekha. Anangosintha zovala basi.

Ngati chovala chili ndi mphamvu chonchi, kodi munthu angakhale aliyense amene wafuna? Samuel Fosso analiyesa funso limeneli ndi kamera. Anabadwira ku Cameroon mu 1962, anakulira ku Nigeria mpaka nkhondo ya Biafra inamwaza banja lawo, ndipo mu 1975, ali ndi zaka 13 zokha, anatsegula situdiyo yojambula anthu ku Bangui, likulu la Central African Republic. Madzulo makasitomala akapita, pafilimu pankatsala malo ochepa, ndipo m'malo moitaya ankadzijambula yekha kuti atumizire agogo ake ku Nigeria, aone kuti ali moyo. Ankavala mathalauza otambalala kumapazi, nsapato za zidendene zazitali, magalasi akuluakulu akuda, ngati oimba amene ankawaona m'magazini. Mu 2008 anapita patsogolo ndi zithunzi zotchedwa African Spirits, pamene anadzisandutsa Nelson Mandela, Patrice Lumumba, Angela Davis, Muhammad Ali ndi ena. Mukaziyang'ana mumawazindikira anthu aja nthawi yomweyo, kenako mumazindikira kuti maso ndi a munthu mmodzi. Cindy Sherman wa ku America anachita zofananako pakati pa 1977 ndi 1980, pamene anadzijambula zithunzi pafupifupi 70 atavala ngati akazi a m'mafilimu akale: mlembi wa muofesi, mkazi wapakhomo, mtsikana wongofika kumene mumzinda. Iye amakana kuti zimenezi ndi zithunzi za iyeyo. Zikuonetsa zikombole zimene mkazi amazipeza zitapangidwa kale, n'kumayembekezeredwa kulowamo.

Apa mpamene ndimasiyana ndi anzanga ena a ntchitoyi amene amati munthu ndi zovala zokhazokha, ukavula ichi umapeza china, mpaka osapeza kanthu. Kahlo sanasankhe msana wothyoka. Fosso sanasankhe nkhondo. Zanele Muholi wa ku Umlazi ku South Africa sanasankhe khungu lake, kapena kuti mayi ake, a Bester, agwire ntchito ya m'nyumba za azungu kwa zaka zoposa 40. Chimene anasankha ndi chochita nazo zinthu zimenezi. M'zithunzi za Somnyama Ngonyama, zimene anayamba mu 2012, Muholi amadetsa khungu lake dala pokonza chithunzicho mpaka limachita kunyezimira, maso okha ali mbee. Kumutu amavala zipangizo za ntchito ya mayi ake, zopanira zovala pachingwe ndi waya wokwechera mapoto, atazisanja ngati chisoti chachifumu. Mukaonera patali mumati ndi mfumukazi. Mukayandikira mumapeza kuti ndi zinthu za kukhitchini kwa munthu wina. Mnyamata wanga wa chipsera pamphumi uja anali panjira yomweyi, kungoti sankadziwa.

Nthawi zina nkhope sifunika n'komwe. Tracey Emin wa ku Britain anaonetsa bedi lake mu 1999 ku Tate Gallery, losayala, mabotolo ndi zinyalala za masiku amene anavutika maganizo zili pambali. Anthu anakwiya kuti zimenezo si luso, koma palibe amene ananena kuti sakumuona mwini bedi.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakumana ndi chithunzi cha mtundu umenewu musathamangire kufunsa ngati chikufanana ndi mwini wake. Yang'anani chimene wavala, kumene kuwala kukuchokera, chimene wagwira m'manja, ndiponso chimene mukanayembekezera kuchiona koma palibe.

Rembrandt, wojambula wa ku Netherlands, ndi amene amandiphunzitsabe zimenezi. Anadzijambula maulendo pafupifupi 80 m'zaka 40, ndi penti, ndi cholembera ndiponso pogoba pachitsulo. Ku National Gallery ku London kuli zithunzi zake ziwiri zimene ndi bwino kuziona pamodzi. Choyamba ndi cha 1640, ali ndi zaka 34, ndalama zikulowa, dzina likumveka mu Amsterdam monse. Watsamira mkono pakakhoma ngati bwana, wavala zovala zodula za zaka 100 m'mbuyomo, ndipo kaimidweko anakabwereka kwa Titian ndi Raphael, akatswiri a ku Italy amene ankafuna kuti anthu azimutchulira nawo limodzi. Zitatero mkazi wake Saskia anamwalira mu 1642, ngongole zinamugwetsa mu 1656 katundu wake n'kugulitsidwa, ndipo mwana wake Titus anamwalira mu 1668.

Chachiwiri ndi cha 1669, ali ndi zaka 63, chaka chimene iyenso anamwalira. Zovala zangosungunukira mumdima wofiirira. Kuwala konse kwagwera pankhope, pamene penti anaipaka mochindikala mpaka makwinya a pamphumi, mphuno yotupa ndi masaya olendewera zikuchita kuoneka ngati mungazikhudze. Akatswiri atachiunika ndi makina a X-ray anapeza zimene maso sangaone. Poyamba chipewa chinali chachikulu ndi choyera, ndipo m'manja munali bulashi, chida cha ntchito imene inamupatsa dzina. Kenako anachepetsa chipewacho, bulashi ija n'kuifafaniza, manja n'kuwapinda pamodzi opanda kanthu.