Matenda a celiac mwa ana: zizindikiro zake ndi kayezedwe kake

Pali ana ena amene thupi lawo siligwirizana ndi gluten, puloteni yopezeka mu tirigu, balere ndi rye. Mwana wotere akadya buledi, mandasi, masikono, chapati, bisiketi kapena supageti, chitetezo cha m'thupi mwake chimalusa n'kuyamba kuwononga khoma la mkati mwa matumbo aang'ono. Amenewa ndiwo matenda a celiac. Sapatsirana ndipo sabwera chifukwa cha uve, koma amayenda m'magazi a kubanja. Padziko lonse amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo.

Mkati mwa matumbo aang'ono muli tinthu tambirimbiri tonga ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Gluten akamalowabe, tinthuti timafota mpaka khomalo kusalala. Zikatero mwana akhoza kumadya mokwanira koma ayironi, mafuta ndi mavitamini n'kumangodutsa osagwira ntchito m'thupi.

Zimene makolo angaone

Mwa ana aang'ono vutoli limaonekera kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2, patapita masabata kapena miyezi chiyambireni kudya za tirigu. Mwana amatsegula m'mimba kwa nthawi yaitali, ndipo chimbudzi chake chimakhala chotuwa, chambiri, chonunkha kwambiri, nthawi zina chamafuta. Mimba imatupa pamene manja, miyendo ndi matako zikufwapa. Amanyinyirika, safuna kudya, mwina amasanza. Yang'anani kabuku ka kusikelo: mzere wa kulemera kwake umene unkakwera bwino umaima kapena kuyamba kutsika.

Ana okulirapo ndi amene amasokoneza, chifukwa ambiri satsegula m'mimba n'komwe. Ena amadzimbidwa. Ena amangodandaula za kupweteka kwa m'mimba kobwerezabwereza, kutopa, ndi zilonda za m'kamwa zosatherapo. Mwana amakhala wamfupi poyerekeza ndi amsinkhu wake, amachedwa kutha msinkhu, ndipo mano ake achikulire amatuluka ali ndi mawanga kapena timizere tokumbika. Chizindikiro chimene sitifuna kuti chinyalanyazidwe ndi kuchepa kwa magazi kumene sikusintha ngakhale mwana wamwa mankhwala a ayironi monga anauzidwira. Ochepa amatuluka tizidzolo toyabwa kwambiri m'zigongono, m'mawondo ndi m'matako.

Kuno kwathu zizindikiro zonsezi zimafanana ndi za matenda ena ofala kwambiri: njoka za m'mimba, giardia (tizilombo ta m'matumbo totsegulitsa m'mimba), kunyentchera, malungo obwerezabwereza, TB ndi HIV. N'koyenera kuti achipatala ayambe kufufuza zimenezi. Koma ngati mwana wamwa mankhwala a njoka, wayezedwa zina zonsezi, chakudya pakhomo chilipo, koma sakukulabe, funsani za celiac ndipo pemphani kuti akaonedwe ndi dokotala wa ana ku chipatala chachikulu.

Ana ena ayenera kuyezedwa ngakhale akuoneka athanzi: amene kholo kapena m'bale wawo wa bere limodzi ali ndi celiac (mwa otere, pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nawo), amene ali ndi shuga ya mtundu woyamba, matenda a chithokomiro oyamba ndi chitetezo cha m'thupi, komanso ana a Down syndrome ndi Turner syndrome (mavuto a majini obadwa nawo).

Musasiyitse tirigu mwana asanayezedwe

Apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa, ndipo amatero chifukwa cha chikondi. Akamva za gluten amachotsa buledi ndi mandasi pakhomo, mwana n'kupezako bwino, kenako n'kupita naye kukayezetsa. Vuto n'lakuti zoyeza zikuluzikulu zimafufuza mmene thupi likulimbanirana ndi gluten. Mukamuchotsa, asilikali a m'thupi amene amafufuzidwawo amatsika, matumbo amayamba kupola, ndipo zotsatira zimanena kuti mwana alibe matenda pamene ali nawo. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain amati munthu azidya chakudya cha gluten koposa kamodzi patsiku, tsiku lililonse, kwa masabata osachepera 6 asanayezedwe.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa mwana wokulira pa nsima ndi phala la chimanga, amene amadya za tirigu mwa apo ndi apo. Muuzeni dokotala mosabisa kuti mwana amadya tirigu wochuluka bwanji pa sabata. Ngati munasiya kale kumupatsa, musayambirenso panokha. Dokotala ndiye akonze kuchuluka kwake ndi nthawi yake.

Kayezedwe kake

Poyamba amatenga magazi n'kuyeza zinthu ziwiri pamodzi: tTG-IgA, asilikali a m'thupi amene amachuluka munthu wa celiac akamadya gluten, ndiponso kuchuluka kwa IgA yense m'thupi, ndiye kuti gulu lonse la asilikali a mtundu umenewu. Chachiwirichi sichodumpha. Ana ena amabadwa ndi IgA wochepa, ndipo mwa iwo tTG-IgA imaoneka yabwinobwino ngakhale matumbo atawonongeka. Kwa ana otere amagwiritsa ntchito zoyeza za IgG, gulu lina la asilikali a m'thupi, monga DGP-IgG.

Zotsatira zikasonyeza kuti tTG-IgA yakwera, mwana sanatsimikizidwebe. Malangizo a 2020 a ESPGHAN, bungwe la ku Ulaya la madokotala a ana oona za m'mimba, amalola kutsimikiza popanda kudula kachidutswa ka matumbo pokhapokha ngati tTG-IgA yakwera kuwirikiza ka 10 kapena kuposa pa malire a munthu wabwinobwino, ndipo magazi ena otengedwa padera asonyeza EMA, asilikali ena a m'thupi osonyeza celiac. Chigamulochi ndi cha dokotala wa ana wodziwa za matendawa, atakambirana ndi makolo.

Zikapanda kufika pamenepo, mwana amapangidwa endoscopy. Amamugonetsa ndi mankhwala atakhala maola angapo osadya, n'kulowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa mpaka koyambira matumbo aang'ono. Amatsinako tizidutswa tosachepera 4 chakumunsi ndi kena kamodzi pamalo oyandikana ndi chifu, chifukwa matendawa sawononga paliponse mofanana ndipo kachidutswa kamodzi kakhoza kuphonya. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa ndipo ana ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Dziwani kuti giardia, kunyentchera ndi matenda a m'matumbo obwerezabwereza nazonso zimasalalitsa khomali, n'chifukwa chake zotsatira za tizidutswato zimawerengedwa limodzi ndi za magazi.

Palinso kuyeza kwa majini otchedwa HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8. Anthu ambiri athanzi ali nawo majiniwa, choncho kupezeka nawo sikutsimikiza kanthu. Phindu lake lili poti mwana amene alibe onse awiri n'zokayikitsa kwambiri kuti angakhale ndi celiac.

Akapezeka nawo

Mankhwala ake ndi kusiya gluten moyo wonse. Mwana sakula n'kuwasiya matendawa. Mwayi wake ndi wakuti nsima, mpunga, kondowole, mapira, mawere, mbatata, nyemba, soya, mtedza, nsomba, nyama, mazira ndi masamba zilibe gluten. Chenjerani ndi tirigu wobisika: masoseji, zokometsera ndiwo za m'mapaketi, mafuta amene akazingiramo mandasi, sefa ndi mpeni wodulira buledi. Muziwerenga zolemba pa paketi, ndipo aphunzitsi ndi agogo omwe auzidwe.

Ana ambiri amayamba kusintha m'masabata ochepa, ngakhale ena mkaka umawavuta kwa kanthawi mpaka matumbo atapola. Dokotala amabwereza tTG-IgA pakapita miyezi ingapo ndi kuona kulemera ndi msinkhu. Imatsika pang'onopang'ono, mwina kupitirira chaka. Ikakana kutsika, nthawi zambiri ndiye kuti gluten akulowabe penapake, ndipo chakudya cha kusukulu ndi cha kwa achibale chifufuzidwe.